Akachisi a m'malinga a ku India asasanduke nyumba zongoonera

Mu Ogasiti 2024, mvula yamphamvu itavumba m'chipululu cha Thar kumadzulo kwa India, mbali ina ya khoma la linga la Jaisalmer inagumuka. Aka sikanali koyamba. M'zaka za m'ma 1990 kunagwa gawo la nyumba ya mfumukazi yotchedwa Rani ka Mahal, zina mwa nsanja 99 zozungulira lingali zinatsetsereka ndi phiri, ndipo bungwe la World Monuments Fund linaika Jaisalmer pa mndandanda wa malo amene ali pangozi mu 1996. Mwala ukangogwa, mkangano wakale umadzuka. Ena amati anthu zikwi zingapo amene amagona ndi kuphika m'kati mwa lingali asamutsidwe, mashopu ndi nyumba zogona alendo zitsekedwe, ndipo akachisi a Chihindu ndi a Chijaini amene ali m'menemo akhale m'manja mwa akatswiri a zinthu zakale okha, munthu azilowa ndi tikiti m'mawa n'kutuluka dzuwa lisanalowe. Ine maganizo amenewa ndikuwakana. Kachisi amene anthu akupembedzamo lero apitirize kupembedzamo, omuzungulira asachotsedwe, ndipo akatswiri apatsidwe mphamvu zonse pa mwala, pa madzi ndi pa denga, koma osati pa funso lakuti ndani alowe kudzagwada.

Kuti timvetsane, tiyambe taona chimene chikulimbiranidwa. Mu 2013 bungwe la UNESCO linalemba malinga asanu ndi limodzi a m'chigawo cha Rajasthan pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi: Chittorgarh, Kumbhalgarh, Ranthambore, Gagron, Amber ndi Jaisalmer. Munthu akamva za linga amaganiza za asilikali ndi mizinga, koma awa anali mizinda yathunthu pamwamba pa mapiri, yokhala ndi misika, zitsime, maiwe osungira madzi a mvula ndi akachisi osawerengeka. Ku Kumbhalgarh, kumene mfumu Rana Kumbha anamanga m'zaka za m'ma 1400, khoma lake limayenda makilomita pafupifupi 36 ndipo m'kati mwake muli akachisi oposa 360, ambiri mwa iwo a Chijaini. Jaisalmer inayambidwa mu 1156 ndi Rawal Jaisal pa phiri la Trikuta, ndipo pakati pa tinjira take topanikizana pali akachisi asanu ndi awiri a Chijaini olumikizana, osemedwa pa mwala wachikasu kuyambira pansi mpaka kudenga, pamodzi ndi kachisi wa Chihindu wa Lakshminath. Ajaini ndi ochepa, sakwana munthu mmodzi pa anthu 200 alionse a ku India. Amatsatira aphunzitsi 24 otchedwa Tirthankara, womaliza wawo ndi Mahavira, ndipo lamulo lawo lalikulu ndi kusavulaza chamoyo chilichonse, ngakhale nyerere. Nanga anthu odana ndi kukhetsa mwazi akachisi awo akutani m'malinga a nkhondo? Yankho ndi malonda. Ajaini ambiri anali amalonda oyendetsa katundu pa ngamila, obwereketsa ndalama ndi nduna za chuma. Mfumu inkafuna ndalama zawo, iwo ankafuna khoma la mfumu. Mpaka lero ku Mewar, dera limene kuli Chittorgarh ndi Kumbhalgarh, amakumbukira Bhamashah, nduna ya Chijaini imene inapereka chuma chake kwa mfumu ya kumeneko, Maharana Pratap, pamene ankalimbana ndi Akbar, mfumu ya ufumu waukulu wa Chisilamu wa Mughal. Ku Chittorgarh ubale umenewu umaonekera patali: kuli nsanja ya Kirti Stambha, yotalika mamita pafupifupi 22, imene wamalonda wa Chijaini anamangira Adinath, Tirthankara woyamba, ndi nsanja ya Vijay Stambha ya mamita 37 imene Rana Kumbha anaimaliza cha m'ma 1448 n'kuipereka kwa Vishnu, mulungu wa Chihindu.

Tsono mfundo yanga yaikulu ndi iyi: tisanalande akachisiwa m'manja mwa opembedza, tifunse kuti anawasunga ndani kufikira pano. Nthambi ya boma yoyang'anira zinthu zakale ku India, Archaeological Survey of India, imene ambiri amangoti ASI, inakhazikitsidwa mu 1861. Pamenepo n'kuti akachisi a ku Jaisalmer atatha kale zaka mazana angapo ali chiimire. Pansi pa mmodzi wa iwo pali kachipinda kotchedwa Gyan Bhandar, kamene mphunzitsi Jinabhadra Suri anakakonza m'zaka za m'ma 1400 kuti musungidwe mabuku olembedwa pamanja, ambiri pa masamba a kanjedza. Masamba otere safuna chinyezi, safuna chiswe, safuna manja a munthu wosasamala. Anapulumuka chifukwa mibadwo ya anthu wamba inkawakulunga m'nsalu, kuwatsekera ndi kuwalemekeza. Ndipo sanasunge zawo zokha ayi. Katswiri wa ku Germany, Georg Bühler, atafika kumeneko m'zaka za m'ma 1870, anapezamo ngakhale buku la nzeru za Chibuda la Shantarakshita m'chinenero chake choyambirira cha Sanskrit, buku lotsutsa ziphunzitso za Ajaini eni ake. Amalonda opanda digiri ya zosunga zakale anasunga mawu a owatsutsa kwa zaka mazanamazana. Yerekezani ndi kachisi wa Teli ka Mandir m'linga la Gwalior, womangidwa zaka zoposa 1,100 zapitazo. Mapemphero atatha m'menemo, asilikali a Britain anamusandutsa malo opangiramo zakumwa za soda, mpaka m'zaka za m'ma 1880 pamene anayamba kumukonza. Amene anakulira kumudzi amadziwa kuti nyumba yosagonamo munthu sichedwa kugwa: palibe woona pamene denga layamba kudontha, palibe wosesa chiswe chikakwera khoma.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakale, lero boma lili ndi mphamvu ndi luso. Tiyeni tione manambala a boma lomwelo. Kumapeto kwa 2022 unduna woona za chikhalidwe unauza komiti ya nyumba ya malamulo kuti mwa malo 3,693 otetezedwa ndi ASI, 50 sakudziwika kumene ali, ndipo alonda analipo pa malo 248 okha. Malo amwala, olembedwa m'kaundula wa boma, kusowa osapezeka! Mu 1998 akuba anazula chiboliboli cha mulungu wa Chihindu Shiva akuvina pa kachisi wa Ghateshwar ku Baroli, m'boma la Chittorgarh lomwelo, ndipo chinabwerako kuchokera ku London mu 2020. Kum'mwera, ku Tamil Nadu, gulu la Subhash Kapoor, wogulitsa zinthu zakale ku New York amene khothi la ku Kumbakonam linamupeza wolakwa mu 2022, linkasankha dala akachisi a m'midzi amene anthu analeka kupitako. Chiboliboli chamkuwa cha ku Sripuranthan chinafika mpaka ku nyumba yoonetsera zaluso ya dziko la Australia, chinagulidwa ndi madola oposa mamiliyoni asanu, ndipo chinabwezedwa mu 2014. Kachisi amene wansembe amatsegula m'mawa uliwonse, amene gogo wina amabwera ndi maluwa tsiku ndi tsiku, wakuba amamuopa, chifukwa chosowa chimadziwika tsiku lomwelo.

Komabe otsutsa ali ndi mfundo zolemera, ndipo yolemera kuposa zonse ndi ya madzi. Mainjiniya akunena zoona akamati chikupha Jaisalmer si zaka koma madzi. Lingali linamangidwa m'dera limene mvula yake pachaka ndi mamilimita pafupifupi 200. Amisiri anasanja miyala yolumana popanda matope oimatira, pamwamba pa phiri la miyala yofewa yosakanikirana ndi dongo. Madzi ankatungidwa pachitsime kapena kusenzedwa kuchokera ku dziwe la Gadisar kunsi kwa phiri, ndipo munthu wosenza yekha mtsuko kukwera chitunda sataya madzi mwachisawawa. Lero kuli mipopi, zimbudzi zogejemula ndi mashawa, madzi ochokera ku ngalande yaikulu ya Indira Gandhi afika m'chipululu, ndipo mapaipi akatha kapena kutsekeka zonsezo zimalowa pansi. Dongo likanyowa limafufuma, maziko amasuntha, khoma limatupa n'kugwa. Choncho, akutero otsutsa, chotsani anthu ndipo madzi aleka. Ndikuvomereza matendawo, koma mankhwalawo ndikuwakana. Choyamba, tisiyanitse madzi a ndani. Wopembedza wa Chijaini amasambitsa chifaniziro cha Parshvanath, mmodzi wa a Tirthankara, ndi kamtsuko kamkuwa kokwana m'dzanja. Mlendo wogona m'chipinda cha pamwamba pa khoma amasamba kawiri patsiku, nsalu zake zogonera zimachapidwa akangochoka, ndipo lesitilanti ya padenga imatsuka mbale usiku wonse. Anthu akhala m'lingali zaka zoposa 800 khoma lili chilili. Chachilendo ndi malonda a alendo odzaona malo a zaka makumi angapo zapitazi. Boma linawaitana lokha alendowo, linamanga misewu ndi kulengeza kunja. Walira mvula walira matope. Si chilungamo kuti matopewo akolope ndi mdzukulu wa wansembe amene makolo ake anatumikira mafumu a ku Jaisalmer a fuko la Bhati pamalo omwewo.

Apa wina adzandigwira pakamwa: kodi eni nyumba zogona alendozo si anthu a m'linga omwewo? Inde, ambiri ndi omwewo, ndipo ena awonjezera zipinda za simenti pamwamba pa makoma amene sanamangidwire kulemera kotero. Pachifukwa chimenechi lamulo liluma, koma lilume malonda, osati kukhala. Ikani mamita a madzi pa nyumba iliyonse, ndipo wogwiritsa ntchito ambiri alipire mtengo wowawa. Ikani malire a zipinda za alendo m'kati mwa linga, zotsalazo zitsikire mumzinda wa kunsi kumene malo alipo. Gwetsani zowonjezera zosaloledwa, kaya mwini wake ndi wolemera kaya ndi wachibale wa phungu. Konzani mapaipi, ndipo koposa zonse lembani anthu oti aziwayendera sabata ndi sabata, chifukwa vuto la ntchito zoterezi kulikonse ndi lakuti pa tsiku lotsegulira pamabwera nduna, koma pa tsiku limene paipi yaphulika sipabwera munthu. Zonsezi n'zotopetsa ndipo sizipatsa munthu ulemerero, n'chifukwa chake mawu akuti "asamuke" amakoma m'kamwa. Koma kusamutsa anthu kunayesedwa kale. Mu Julayi 2011 ku Hampi, ku Karnataka, mathirakitala anagumula nyumba ndi mashopu a mabanja mazana angapo mumsewu wa kutsogolo kwa kachisi wa Virupaksha. Msewu umene unali msika m'nthawi ya ufumu wakale wa Vijayanagara unatsala mizati yokhayokha. Kodi kuwononga kunatha? Mu 2019 dziko lonse linaonera kanema wa anyamata akugwetsa mizati yakale pa mabwinja ena a ku Hampi komweko, akuseka, popanda wowaletsa. Tiwonjezere kuti UNESCO, polemba Jaisalmer, inatchula mzinda wokhalamo anthu ndi akachisi a Chijaini monga zina mwa zifukwa zimene lingali lilili lapadera. Zimenezi si zachilendo kwa ife: zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza zinalowa pa mndandanda womwewo mu 2006, ndipo china chimene chinazikweza ndi chakuti miyambo ya Achewa yokhudzana nazo ikadalipo. Kuchotsa anthu ku Jaisalmer ndi kuchotsa chimodzi mwa zinthu zimene tikuti tikuteteza.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa imachokera kwa akatswiri a zomangamanga zakale, ndipo imandipweteka chifukwa ndi yoona kwambiri. Iwo amati chikondi cha opembedza chimawononga. Munthu akadalitsidwa pa malonda amafuna kuthokoza, ndiye amagula penti yamafuta n'kupaka mwala wosemedwa zaka 600 zapitazo. Wina amaika matailosi onyezimira pansi, wina amakhoma chitseko chachitsulo pa mphuthu yosemedwa, wina amaboola khoma kuti adutsitse waya wa zokuzira mawu. Mafuta, utoto wofiira ndi utsi wa nyale zimaphimba nkhope za ziboliboli mpaka mphuno ndi maso kusowa. Kwa Ajaini makamaka, kukonzanso kachisi wokalamba ndi ntchito ya madalitso aakulu, ndipo nthawi zina kukonzako kwatanthauza kuchotsa mwala wakale n'kuikapo wa mabo watsopano. Kwa wolemba mbiri, kumeneko ndi kung'amba tsamba m'buku. Ine sindikuteteza penti yamafuta, ndipo n'chifukwa chake ndinanena poyamba kuti pa mwala katswiri akhale ndi mawu omaliza. Komiti ya kachisi isakhome ngakhale msomali popanda chilolezo. Lamulo la 1958 loteteza zipilala zakale, limene linakhwimitsidwa mu 2010 poletsa kumanga pa mtunda wa mamita 100 kuzungulira malo otetezedwa, lilipo kale. Chosowa ndi kuligwiritsa ntchito mosayang'ana nkhope.

Koma pali zinthu zingapo zimene akatswiriwa amazilambalala. Akamati kachisi abwerere mmene analili poyamba, akunena poyamba pati? Kachisi wa Kalika Mata ku Chittorgarh anamangidwa m'zaka za m'ma 700 monga kachisi wa mulungu wa dzuwa, ndipo anakhala wa mulungu wamkazi Kali patapita zaka mazana ambiri, pambuyo pakuti Alauddin Khalji, mfumu ya ku Delhi, analanda lingali mu 1303. Kachisi wa Samadhishvara pomwepo anakonzedwanso ndi mfumu Mokal mu 1428. Ku Gwalior, m'matanthwe a pansi pa linga, muli ziboliboli zikuluzikulu za a Tirthankara zimene zinasemedwa m'zaka za m'ma 1400 mu ulamuliro wa mafumu a Tomar, chachikulu chotalika mamita 17. Babur, woyambitsa ufumu wa Mughal, ataziona chakumapeto kwa zaka za m'ma 1520 analamula kuti ziwonongedwe, nkhope zambiri zinaphwanyidwa, ndipo pambuyo pake Ajaini anaumbira zina mitu yatsopano. Mitu imeneyo siifanana ndi yoyamba, woyang'ana bwino amaona msoko. Kodi tiichotse? Ayi, chifukwa bala ndi chigamba chake zonse ndi mbiri. Malo amenewa akhala akusintha m'manja mwa opembedza kuyambira kalekale, ndipo zambiri zimene lero timazitcha zakale zinali zokonza za dzulo lake. Chachiwiri, luso losema mwala silikhala m'mabuku, limakhala m'manja. Mabanja a amisiri a Sompura akadali ndi luso limeneli chifukwa opembedza sanaleke kuwapatsa ntchito. Pamene bungwe la Chijaini la Anandji Kalyanji linkakonza akachisi a Ranakpur ndi a Dilwara m'zaka za m'ma 1900, linadalira amisiri amenewa, ndipo boma nalo likafuna wosema duwa la mwala lofanana ndi lakale limagogoda pa makomo a amisiri a mtundu womwewo. Chachitatu, ndipo ichi ndikuchinena mwaulemu, akatswiri nawo amalakwa. Kwa zaka zambiri simenti inkaonedwa ngati mankhwala a chilichonse. Pokonza manda a mfumu Humayun ku Delhi, ntchito imene inatha mu 2013, anachotsa padenga pokha konkire yolemera makilogalamu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo sanaithire ndi opembedza.

Mfundo yachitatu ndiidutsa msanga, ngakhale si yopepuka. Ena amati chuma cha dziko lonse chisakhale ndi malamulo a chipembedzo chimodzi. Pa khomo la kachisi wa Chijaini umavula nsapato, lamba wachikopa umamusiya panja, ndipo pali zikwangwani zopempha amayi amene ali kumwezi kuti asalowe. Za nsapato ndi lamba sindikuonapo vuto. Mlendo amatsata mwambo wa pakhomo. Za amayi zija ine sindigwirizana nazo, ndipo amayi ambiri a ku India komweko akuzitsutsa. Koma mkangano umenewo ndi wa anthu amoyo ndi chipembedzo chawo, ndipo ungathe kusintha mwambo. Kutseka kachisi sikulowetsa mayi aliyense, kumangotulutsa onse. Chimodzimodzi ku Ranthambore, kumene linga lili pakati pa nkhalango yotetezedwa ya akambuku akuluakulu amizeremizere, ndipo anthu miyandamiyanda amakwera kukapembedza kwa Trinetra Ganesh, mulungu wa Chihindu wa mutu wa njovu, amene mabanja amamutumizira ndi makalata oitanira ku ukwati kudzera pa positi. Mu Epulo 2025 kambuku anapha mwana wazaka zisanu ndi ziwiri pa njira yochokera ku kachisiyu. Pamenepo palibe zokambirana zambiri: maola olowera achepe, oyenda pansi m'nkhalango aletsedwe, anthu azinyamulidwa pa magalimoto otsekedwa, ndipo nyama zikayandikira njira itsekedwe kwa masiku. Kuika malire ndi kwina, kuthetsa ndi kwina. Ndipo tisamaphatikize opembedza ndi odzaona malo ngati gulu limodzi. Kumayambiriro kwa 2023 anali Ajaini eni ake amene anadzaza misewu kukana kuti phiri lawo lopatulika la Shikharji ku Jharkhand likhale malo okopa alendo, mpaka boma linaimitsa dongosololo.

Yatsala mfundo imene imandichititsa mantha, ya ndale. Anthu oganiza bwino amati: ukangovomera kuti kupembedza kuli ndi ufulu pa malo akale, watsegula khomo limene sudzatha kulitseka. Ku India funso lakuti pansi pa nyumba iyi panali kachisi wa yani lapha anthu. Pa 6 Disembala 1992 khamu linagumula mzikiti wa Babri ku Ayodhya, ndipo pa zipolowe zotsatira anafa anthu pafupifupi 2,000. Mu Novembala 2024 ku Sambhal anthu anaphedwa pa mkangano wa kafukufuku amene khothi linalamula pa mzikiti wina wakale, ndipo mwezi wotsatira khothi lalikulu kwambiri la dzikolo linaimitsa makhothi onse kulandira milandu yatsopano yotere. Ngakhale Ahindu ndi Ajaini, amene ndawatamanda chifukwa chokhalirana bwino, amakanganirana nsonga ina ya phiri la Girnar ku Gujarat, Ajaini akuti mapazi osemedwa pamenepo ndi a Tirthankara Neminath, Ahindu akuti ndi a mulungu wawo Dattatreya. Poona zonsezi, otsutsa amati n'kwabwino malo onse akale akhale a boma, opanda belu, opanda lubani, kuti pasakhale wonena kuti ndi pake.

Ndikumva mantha amenewa, koma yankho lake lilipo kale m'machitidwe a ASI, ndipo ndi yankho labwino. Malo amene ankapembedzedwapo pa nthawi imene boma linayamba kuwateteza amapitiriza; malo amene mapemphero anali atatha kale sayambidwanso. Mzere umenewu ndi umene ine ndaimapo, ndipo umadula mbali zonse ziwiri. Umateteza wansembe wa ku Lakshminath ndi amayi oimba nyimbo za Mirabai, mlakatuli wamkazi wakale wa Chihindu, pa kachisi wake ku Chittorgarh, koma umakaniza wandale wobwera ndi khamu ndi makamera kudzayatsa nyale pa bwinja limene lakhala chete zaka 500. Woyambayo akupitiriza moyo umene unasunga malowo. Wachiwiriyo akufuna chigonjetso, ndipo mwala alibe nawo ntchito. Kuthamangitsa woyambayo poopa wachiwiriyo ndi kulanga wosalakwa, komanso kumapereka kwa wandale uja dandaulo lenileni loti akalalikire pa msonkhano. Kuwonjezera apo, malinga amoyo ndiwo umboni wamphamvu wotsutsa nkhani yakuti zipembedzozi zakhala zikungodana. M'akachisi ambiri a Ajaini a gulu la Shvetambara, wogwira ntchito za tsiku ndi tsiku pa guwa amakhala Mhindu wolembedwa ntchito. Pa nsanja ya Vijay Stambha, yodzaza ndi milungu ya Chihindu, amisiri anasemapo ndi dzina la Allah m'zilembo za Chiarabu. M'linga la Ranthambore muli akachisi a Chihindu, wa Chijaini, mzikiti ndi manda a munthu woyera wa Chisilamu. Ku Gwalior, pafupi ndi Teli ka Mandir, Asikh ali ndi nyumba yawo yopemphereramo yokumbukira kutsekeredwa m'lingamo kwa mtsogoleri wawo Guru Hargobind. Sindikunena kuti kunalibe nkhondo. Chittorgarh yokha inagwa katatu, mu 1303, 1535 ndi 1568, ndipo nthawi zonse mwazi unayenda. Ndikunena kuti anthu opita ku malo amenewa m'mawa uliwonse anaphunzira kupatsana njira pa makwerero opapatiza, ndipo luso limenelo limafa malo akasanduka opanda mwini.

Mzere umenewu uli ndi mtengo wake kwa Ahindu ndi Ajaini amene ndakhala ndikuwaikira kumbuyo, ndipo ayenera kuulipira. Ku Delhi, m'kati mwa linga lakale la Lal Kot, pali mzikiti wa Quwwat-ul-Islam pafupi ndi nsanja ya Qutb Minar. Mawu olembedwa pa chipata chake amanena okha kuti unamangidwa ndi miyala ya akachisi 27, ndipo woyenda m'makonde mwake amaona mabelu, maluwa ndi zifaniziro za Chihindu ndi za Chijaini pa mizati. Mu 2020 anthu ena anapita kukhothi kupempha kuti mapemphero a Chihindu ndi a Chijaini ayambirenso pamenepo. Khothi linakana mu 2021, ndipo pa apilo ASI inauza oweruza kuti pamene malowa ankayamba kutetezedwa mu 1914 panalibe gulu lililonse lopembedzapo. Kuwawa mtima kwa odandaulawo n'komveka, pakuti akachisi aja anagumulidwadi. Komabe ASI inalondola. Pa Qutb pasalowe wansembe, pasalowenso wotsogolera swala, mizati ija ikhale pomwepo, ndipo zikwangwani zofotokozera alendo zinene mosabisa kumene inachokera ndi amene anaigumula.